Musapale Dzimbiri Musanafunse: Mafunso Anu pa Mipeni, Zikwanje ndi Malupanga Akale

Makalata a mwezi uno achuluka ndi mafunso ochokera kwa anthu amene akusunga zida zakuthwa zakalekale m'nyumba zawo, ena anachita kugula, ena anasiyiridwa ndi makolo. Pafupifupi onse akufuna kudziwa kumene chitsulo chawo chinachokera ndi zaka zimene chakhala. Tasankhapo ochepa, ndipo ena tawafupikitsa kuti akwane pa tsamba.

Funso: Akonzi, agogo anga aamuna anandisiyira lupanga lopindika pang'ono, lakuthwa mbali imodzi, ndipo chogwirira chake n'chokulungidwa ndi chingwe chabulawuni. Anthu akuti ndi la ku Japan. Nditakhomola kamsomali kamtengo kamene kali pachogwirira, chogwiriracho chinavuka, ndipo pamsuka ndinaona zilembo zogoba, koma zakwiririka ndi dzimbiri lakuda. Ndikufuna kupala dzimbirilo kuti zilembo ziwerengeke. Kodi ndiyambe ndi sandipepa wokhakhala kapena wosalala? Ndine bambo amene ndasiyiridwa chuma chosachidziwa.

Yankho: Bambo, musayambe ndi sandipepa aliyense, ndipo ngati mwagula kale, musungireni ntchito ina. Pa lupanga la ku Japan, dzimbiri la pamsuka, mbali ija ya chitsulo imene imalowa m'chogwirira, ndilo limene akatswiri amayamba kuyang'ana akafuna kudziwa zaka zake. Msukawo, umene eni ake amautcha nakago, saukhudza ngakhale pamene akunola ndi kuwalitsa lupanga lonse, choncho umanka nusintha mtundu pang'onopang'ono: wa zaka makumi asanu ndi atatu umakhala wotuwa ndi timadontho tofiira, wa zaka mazana awiri kapena atatu umakhala woderako, pamene wa zaka mazana asanu umada bii ndi kusalala ngati mwala wa mumtsinje. Mukaupala mwafafaniza umboni umene palibe mmisiri angaubwezeretse, ndipo osonkhanitsa malupanga amaderera kwambiri lupanga la msuka wopalidwa.

Zilembozo mungaziwerenge osachotsa kanthu. Lowani m'chipinda chamdima, gonekani lupangalo pansalu, ndipo muwalitse tochi kuchokera m'mbali, pafupi kwambiri ndi chitsulo, kuti kuwala kudutse chopingasa. Chilembo chilichonse chidzaonetsa mthunzi wake. Jambulani msuka wonse mbali zonse ziwiri, nsonga ya lupanga italoza kumwamba, chifukwa zilembozo zimawerengedwa kuchokera pamwamba kutsika m'munsi. Kawirikawiri mbali imodzi pamakhala dzina la wosula ndi dera limene ankakhala, ndipo mbali inayo pamakhala chaka, chowerengedwa potengera ulamuliro wa mfumu. Ulamuliro wa Showa unayamba mu 1926, ndiye mukapeza kuti palembedwa chaka cha 18 cha Showa, dziwani kuti lupangalo linasulidwa mu 1943. Werenganinso mabowo a pamsuka. Akakhala awiri kapena atatu, nthawi zambiri ndiye kuti lupangalo linavekedwapo zogwirira zatsopano kapena linadulidwa kumsuka kuti lifupike. Kamsomali kaja n'kansungwi, ndipo kakasowa museme kena kansungwi komweko, osati kukhomerapo msomali wachitsulo.

Chingwe chabulawuni mukunenacho chikundikumbutsa malupanga a asilikali a pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Maofesala ankanyamula mtundu wa 1934 kapena wa 1938, wokhala ndi chimake chachitsulo chopentedwa ndi zokongoletsa zooneka ngati maluwa. Ambiri mwa malupanga amenewa anasulidwa mwaliwiro, makamaka mumzinda wa Seki, ndipo ena ali ndi kachidindo kakang'ono pamwamba pa dzina la wosula kosonyeza kuti sanapangidwe m'njira yamakolo. Komabe analiponso maofesala amene anatenga lupanga la banja lawo, mwina la zaka mazana atatu, n'kuliveka zogwirira zausilikali popita kunkhondo. N'chifukwa chake lupanga la ku Japan sitiliweruza ndi zovala zake.

Dzina likawerengeka, musafulumire kusangalala. Mayina abodza anayamba kugobedwa pamisuka kalekale ku Japan komweko. Masamune, wosula wotchuka kwambiri amene anakhalako chakumapeto kwa zaka za m'ma 1200 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1300, analemba dzina lake pa malupanga ochepa zedi, moti amene wapeza dzina limeneli pa lupanga la m'nyumba mwake ayenera kuyamba ndi kukayika. Bungwe la NBTHK, limene linakhazikitsidwa ku Tokyo mu 1948, limayesa malupanga ndi kupereka zikalata, ndipo ogula odziwa amakhulupirira chikalata chake kuposa dzina la pamsuka. Chimene mungaone nokha ndi mzere woyererako umene umayenda m'mbali mwa kuthwa, wotchedwa hamon. Umabwera chifukwa wosula amamata dongo kumsana kwa lupanga asanaliviike m'madzi lili lamoto. Weniweni amaoneka ngati nkhungu yokhala ndi timchenga tonyezimira m'kati mwa chitsulo, ndipo sabwereza ndendende mapindidwe ake. Wabodza amakhala wongokanda pamwamba, mafunde ake ofanana kuyambira kuchogwirira mpaka kunsonga.

Funso: Ndili ndi chikwanje chakale cholembedwa kuti Collins & Co., Hartford, Legitimus, ndipo pali chithunzi cha chisoti chachifumu ndi mkono wogwira nyundo. Chogwirira chake n'chanyanga. Amuna anga akuti ndi chikwanje wamba chopalira tchire. Kodi n'choyenera kusungidwa? Ndine mayi wokonda zinthu zakale.

Yankho: Mayi, amuna anuwo akunena zoona kuti ndi chida chogwirira ntchito, koma chisungeni. Kampani ya Collins inayamba mu 1826 m'chigawo cha Connecticut ku United States, ndipo fakitale yake inali pamalo amene anadzatchedwa Collinsville, ngakhale chidindo chimatchula mzinda wa Hartford. Inayamba ndi nkhwangwa, kenaka m'zaka za m'ma 1840 inayamba kusula zikwanje zimene zinagulitsidwa kwambiri ku Cuba, Mexico, Colombia ndi maiko ena a kumeneko. Zinatchuka mpaka osula ena anayamba kuba dzinalo, ndipo mawu a Chilatini akuti Legitimus anali ouza wogula kuti ichi ndiye chenicheni. Fakitale ya ku Collinsville inatsekedwa mu 1966, koma dzinalo linapitirira pa zikwanje zosulidwa ku Latin America, choncho yang'anani ngati pali dzina la dziko pafupi ndi chidindo.

Chogwirira chanyanga chimaloza ku zaka zakale kuposa chapulasitiki. Zikwanje zimene asilikali a ku America analandira pa nkhondo yachiwiri zinali za mainchesi 18, chogwirira chakuda cholimba, ndipo zambiri zinadindidwa zilembo U.S. pamodzi ndi chaka, zimene zimapeputsa ntchito yodziwa zaka zake. Pa zikwanje ndi mipeni ya m'mafakitale palinso mfundo zina zothandiza. Dziko la Britain linakhazikitsa lamulo la zizindikiro za malonda mu 1887, ndipo United States inayamba mu 1891 kufuna kuti katundu wolowa azilembedwa dziko lochokera, ndiye chitsulo cholembedwa kuti Germany kapena England nthawi zambiri ndi cha pambuyo pa zaka zimenezi. Cholembedwa kuti West Germany sichingakhale cha kale kuposa 1949. Chitsulo chosachita dzimbiri anachitulukira Harry Brearley ku Sheffield mu 1913, choncho mawu akuti stainless pa mpeni umene wogulitsa akuti ndi wa m'ma 1800 akumutsutsa yekha.

Ine ndimaona kuti osonkhanitsa ambiri amanyozera zikwanje mosayenera. Chikwanje chimene chanoledwa zaka makumi atatu mpaka pakati pake palowa m'kati chimasonyeza dzanja limene linkachigwira ndi ntchito imene chinkagwira. Ndipo zina zinasandulika zida zina: malupanga ambiri a Amasai a ku Kenya ndi Tanzania, otchedwa seme, anapangidwa ponola zikwanje za ku Birmingham mbali zonse ziwiri, moti pafupi ndi chogwirira chachikopa mumatha kuona chidindo cha fakitale chitatsala theka.

Funso: Ndinagula lupanga lowongoka, lakuthwa konsekonse, lokhala ndi chopingasa ngati mtanda pachogwirira. Pachitsulo pali zizindikiro ziwiri zonga mwezi wokhala ndi nkhope. Wogulitsa anandiuza kuti ndi la ankhondo a mtanda a ku Ulaya ndipo lili ndi zaka 800. Chimake chake n'chachikopa chofiira, chotambalala kunsonga ngati tsamba. Kodi ndinapata mwayi? Ndine wowerenga wanu wa nthawi zonse.

Yankho: Achimwene, chimake chotambalala kunsongacho chaulula zonse. Limeneli ndi lupanga la ku Sudan, limene osonkhanitsa amalitcha kaskara. Nthano yoti malupanga amenewa anatsala kwa ankhondo a mtanda inafalitsidwa ndi Azungu oyendayenda a m'zaka za m'ma 1800, amene ataona chopingasacho anakumbukira malupanga akale a kwawo. Nkhondo za mtanda ku Middle East zinachitika kuyambira 1096 mpaka 1291, pamene malupanga ambiri a kaskara amene ali m'manja mwa anthu lero ndi a m'zaka za m'ma 1800 ndi 1900. Wogulitsayo anawonjezera zaka mazana asanu ndi limodzi kapena kuposerapo.

Zimenezi sizikutanthauza kuti mwagula chinthu chachabechabe. Mzinda wa Solingen ku Germany unkasula zitsulo za malupanga zambirimbiri zopanda zogwirira, n'kuzitumiza ku Africa kudzera ku Egypt ndi m'madoko a Nyanja Yofiira, ndipo amisiri a ku Sudan ankaziveka chopingasa, chogwirira ndi chimake m'kalembedwe ka kwawo. Popeza ogula ankakhulupirira zitsulo za ku Ulaya, osula a ku Sudan ndi a kuchipululu cha Sahara anayamba kudinda zizindikiro zomwezo pa zitsulo zawo, ndipo miyezi iwiri mukunenayo ndi imodzi mwa zizindikiro zimene zinakoperedwa kwambiri. Tengani galasi lokulitsa zinthu muone. Chidindo cha ku fakitale chimalowa mofanana ponseponse, m'mphepete mwake muli mwaudongo. Chokopera chimakhala chopendekeka, nkhope ya mweziyo ili timizere tochepa chabe. Onaninso tingalande ta pakati pa chitsulo ngati tayenda mowongoka kapena tikukhotakhota, ndi malo amene nyundo inasiya mabampu. Osula a mumzinda wa Kassala ku Sudan akhala akusula malupanga otere mpaka m'nthawi yathu ino, ena pogwiritsa ntchito masipuling'i a malole.

Ngati chitsulo chonse chadzaza ndi zilembo zazikulu za Chiarabu zodyedwa ndi asidi, anthu amazigwirizanitsa ndi nthawi ya Mahdi, mtsogoleri wachipembedzo wa ku Sudan, ndi otsatira ake, kuyambira 1881 mpaka nkhondo ya ku Omdurman ya pa 2 September 1898. Asilikali a Britain anatenga zida zambiri pambuyo pa nkhondoyo, ndipo msika utakula, zina zinapangidwa n'cholinga chogulitsa kwa alendo basi. Musasokonezenso kaskara ndi takouba ya Atuareg a kuchipululu cha Sahara, imene nsonga yake ndi yozungulira ndipo chopingasa chake n'chachikulu, chokutidwa ndi chikopa kapena mkuwa.

Pa malupanga a ku Africa, a ku India ndi a ku Arabia, chitsulo ndi chogwirira kawirikawiri sizikhala za msinkhu umodzi kapena za dziko limodzi. Lupanga limene amati linali la El Hadj Omar Tall, mtsogoleri wa Chisilamu wa kumadzulo kwa Africa, limene France inapereka ku Senegal mu November 2019, chitsulo chake chinasulidwa ku Klingenthal ku France komweko, pamene chogwirira ndi chimake n'za kumadzulo kwa Africa. Ku Ethiopia aliko malupanga amene zitsulo zake anasula a Wilkinson a ku London, zolembedwa m'Chiamhariki ndi chithunzi cha Mkango wa Yuda. Pofufuza lupanga lanu, funsani mafunso atatu padera: chitsulo n'cha kuti, chogwirira n'cha kuti, ndipo anazilumikiza liti.

Funso: Kodi n'zoona kuti ngalande ya pakati pa lupanga ndi yodutsamo magazi? Nanga kabowo kamene kali pafupi ndi chogwirira cha mpeni wa Agurkha n'kachiyani? Wanga uli ndi mutu wa mkango kumapeto kwa chogwirira ndipo palembedwa kuti India. Ndine mnyamata amene ndangoyamba kumene kusonkhanitsa mipeni.

Yankho: Za magazizo n'zabodza. Ngalandeyo imapeputsa chitsulo popanda kuchifooketsa kwambiri, monga mmene njanji ya sitima ilili yopyapyala pakati koma yochindikala pamwamba ndi pansi.

Mpeni wa Agurkha a ku Nepal umatchedwa khukuri, ndipo kabowoko amati kaudi kapena cho. Ena amati kakuimira phazi la ng'ombe, nyama yopatulika kwa Ahindu. Ena amati ndi mkondo wa nsonga zitatu wa mulungu Shiva. Enanso amati kamaletsa utomoni wa mitengo kuyenderera mpaka kuchogwirira. Khukuri wokwanira amakhala ndi timipeni tiwiri kumbuyo kwa chimake: karda, kakuthwa, ka ntchito zing'onozing'ono, ndi chakmak, kobuntha, kowongolera kuthwa kwa mpeni waukulu. Wanuyo, mng'ono wanga, ndi wa alendo odzaona malo. Mutu wa mkango, chitsulo chonyezimira ngati galasi, maluwa ogogoda ndi timadontho, ndi mawu akuti India, zonsezi ndi za mipeni imene inapangidwa yochuluka m'zaka za m'ma 1900 kuti ipachikidwe pakhoma, ndipo yambiri sinalimbitsidwe pamoto. Wa asilikali a Britain amakhala wosakongoletsa, ndipo ambiri ali ndi chaka ndi chidindo chonga muvi, chosonyeza kuti ndi katundu wa boma. Musautaye wanuwo, muziuyerekeza ndi weniweni tsiku limene mudzamugwire m'manja.

Funso: Pa intaneti pali mipeni yambiri yotchedwa Damascus, ya mizere yokongola ngati madzi. Ena akuti luso limeneli linatayika kalekale. Nanga imeneyi ikuchokera kuti? Ndine bambo wofuna kugula.

Yankho: Bambo, dzina limodzili likuimira zinthu zitatu zosiyana. Choyamba ndi chitsulo chotchedwa wootz, chimene chinkapangidwa makamaka kum'mwera kwa India ndi ku Sri Lanka. Ankatsekera chitsulo pamodzi ndi masamba kapena timitengo m'kamphika kadongo, n'kukaika m'ng'anjo mpaka zonse zitasungunuka, kenaka n'kuzisiya kuti zizizire pang'onopang'ono. Kachibuma kotulukamo, kokwana m'manja, kankagulitsidwa ku Persia ndi kwina, kumene osula ankakasula pamoto wosapsa kwambiri kuti mizere isafafanizike. Mizereyo siichokera ku kupinda chitsulo. Imabadwira m'kati mwake. Kapangidwe aka kanazilala m'zaka za m'ma 1800, ndipo mu 1998 John Verhoeven ndi Alfred Pendray anafalitsa zotsatira zosonyeza kuti timbali tochepa kwambiri ta zitsulo zina monga vanadium, topezeka m'miyala ya migodi ina, ndito tinkathandiza mizereyo kuoneka. Masiku ano alipo osula ochepa amene amapanganso wootz.

Chachiwiri ndi chitsulo chosanjikiza: wosula amatenga mitundu iwiri ya zitsulo, n'kuzimata pamoto, kuzipinda, kuzipota, kenaka kuziviika mu asidi kuti mtundu wina ude, wina uyere. Ili ndi luso lenileni ndipo ndi lakale, koma si wootz, ndipo mipeni yambiri ya pa intaneti ndi yotere, yatsopano. Mizere yake ndi yaikulu, yooneka patali. Ya wootz ndi yaing'ono, yopangidwa ndi timadontho tothithikana, ndipo pa lupanga lakale imafuna kuti mulitembenuze pakuwala kangapo musanaione. Chachitatu ndi chinyengo chenicheni, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere: mizere yongojambula pamwamba pa chitsulo wamba. Yang'anani kumsana kwa mpeni. Ngati mizere ili m'mbali mokha koma kumsana kuli see, kapena ngati mipeni iwiri ili ndi mizere yofanana ndendende, isiyeni.

Pa malupanga opindika a ku Persia, otchedwa shamshir, mudzakumana ndi dzina la Assad Allah wa ku Isfahan, amene amati anasula m'nthawi ya Shah Abbas Woyamba, amene analamulira kuyambira 1588 mpaka 1629. Dzinali limapezeka pa malupanga a zaka zotalikirana kwambiri moti munthu mmodzi sakanawasula onse. Litengeni ngati chizindikiro cha ulemu chimene osula ambiri ankagwiritsa ntchito.

Funso: Mnzanga anandipatsa mpeni wokhotakhota ngati njoka wochokera ku Indonesia. Chitsulo chake n'chotuwa ndipo mizere yake siikuoneka bwino. Ndamva kuti pali mankhwala amene amaibwezeretsa. Ndine mayi wofuna malangizo.

Yankho: Mayi, umenewo ndi keris, mpeni umene bungwe la UNESCO linauzindikira mu 2005 monga chuma cha chikhalidwe cha anthu onse. Mankhwala mukunenawo ndi warangan, osakaniza ndi madzi a mandimu, ndipo muli arsenic, poizoni wakupha. Musayese kuwasakaniza kunyumba. Ntchito imeneyo ndi ya anthu amene anaiphunzira. Mankhwalawo amagwira ntchito chifukwa amadetsa chitsulo wamba koma sadetsa chitsulo chokhala ndi nickel, ndipo kusiyanako ndiko kumatulutsa mizere yotchedwa pamor. Ogulitsa amakonda kunena kuti keris aliyense ali ndi chitsulo chogwa kumwamba. Mwala wotere unagwadi pafupi ndi Prambanan pachilumba cha Java m'zaka za m'ma 1700 ndipo unasungidwa kunyumba yachifumu ya ku Surakarta, koma unali wa mafumu ndi anthu awo. Osula ambiri ankapeza nickel kuchokera ku Luwu pachilumba cha Sulawesi, ndipo pambuyo pake kuchokera ku zitsulo za m'mafakitale.

Werengani mapindidwe a mpeniwo kuyambira kuchogwirira. Amakhala osagawika pawiri: atatu, asanu, asanu ndi awiri, mpaka khumi ndi atatu kapena kuposa, ndipo keris ambiri akale ndi owongoka. Pa wosulidwa bwino, mapindidwe amayenda mofatsa ndipo mizere imapindika nawo pamodzi. Pa wodula kuchokera ku chitsulo chafulati, makona ake ndi akuthwa ndipo mizere imangodutsa mowongoka. Kachitsulo kopingasa ka m'munsi, kotchedwa ganja, pa keris ambiri kamakhala kosula padera, ndipo mzere wolumikizira umaoneka.

Funso: Ndili ndi mpeni wopindika wa ku Yemen umene chogwirira chake n'chachikasu choderako. Wina akuti ndi nyanga ya chipembere ndipo akufuna kuti ndimutumizire kunja. Ndingadziwe bwanji, ndipo n'zololedwa? Ndine wowerenga wodera nkhawa.

Yankho: Mwachita bwino kufunsa musanatumize. Mpeniwo ndi jambiya, ndipo ku Yemen ulemu wake wagona pachogwirira kuposa pachitsulo, n'chifukwa chake malonda ake anathandiza kupulula zipembere za ku Africa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Nyanga ya chipembere ilibe mphako, ndipo mukayang'ana kumutu kwa chogwirira ndi galasi lokulitsa mumaona timadontho tothithikana ngati mtolo wa tsitsi lomatana lodulidwa pakati. Ya ng'ombe kapena ya njati imakhala yosanjikizana, ndipo ikakalamba imasendeka m'magawomagawo. Mnyanga wa njovu umaonetsa timizere topingasana pamalo odulidwa, pamene fupa limakhala ndi timabowo takuda tating'onoting'ono. Ena amalangiza kubaya chogwirira ndi singano yamoto kuti amve fungo. Musatero, chifukwa chipsera chake sichichoka.

Pangano la CITES, limene linasainidwa ku Washington mu 1973 n'kuyamba kugwira ntchito mu 1975, limaletsa kudutsitsa zinthu zotere pamalire popanda chilolezo. Mitundu yonse ya zipembere inaikidwa pa mndandanda woletsedwa kwambiri mu 1977, ndipo njovu za ku Africa mu 1989. Chinthu chakale chingapatsidwe chikalata chosonyeza kuti chinalipo panganoli lisanayambe kuchikhudza, koma umboni uyenera kuchokera kwa inu, ndipo maiko ena ali ndi malamulo okhwima kuposa panganolo. Mawu a wogula akuti "palibe vuto" sadzakuthandizani katunduyo akagwidwa. Funsani ofesi yoona za nyama zakutchire ya dziko lanu ndi ya dziko limene mpeniwo ukupita, ndipo mayankho awo akhale olembedwa. Funsaninso za malamulo a zida, pakuti Britain, mwachitsanzo, inaletsa mu 2008 kugulitsa ndi kulowetsa malupanga opindika otalika masentimita 50 kapena kuposa, kupatula akale ndi osulidwa m'njira yamakolo.

Funso: Ndili ndi malupanga awiri a asilikali a ku Ulaya, lina lolembedwa VR pansi pa chisoti chachifumu, lina lili ndi zilembo zopendekeka kumsana. Onse ayamba dzimbiri lofiira ngakhale ndimawasunga m'zimake zawo zachikopa. Ndichite chiyani? Ndine bambo wopuma pantchito.

Yankho: Bambo, zilembo VR zikuimira Mfumukazi Victoria, ndiye lupangalo ndi la pakati pa 1837 ndi 1901. Ngati ndi la Wilkinson, yang'anani nambala kumsana pafupi ndi chogwirira. Kampaniyo inayamba kudinda manambala mu 1854, ndipo mabuku ake amasonyeza chaka, nthawi zinanso dzina la ofesala amene analigula. Linalo likumveka ngati la ku France, kumene mafakitale a boma monga Klingenthal, yoyamba mu 1730, ndi Châtellerault, yoyamba mu 1819, ankalemba kumsana dzina la fakitale, mwezi ndi chaka. Zilembo zimenezi n'zosazama. Ine ndili mnyamata ndinapereka lupanga lotere kwa mmisiri wina wowotcherera zitsulo kuti andichotsere dzimbiri, ndipo analidutsitsa pa bulashi yawaya ya makina. Linabwera likuwala ngati supuni yatsopano, koma kumsana kunangotsala chilembo chimodzi ndi manambala awiri oyamba a chaka, 18, ena awiriwo atapita ndi dzimbiri.

Choyamba, atulutseni m'zimakezo. Chikopa chimasunga chinyontho ndipo mankhwala ofufutira amadya chitsulo, choncho lupanga lizikhala pambali pa chimake chake, osati m'kati. Chachiwiri, siyanitsani dzimbiri. Lakuda, losalala, linaleka kudya chitsulo ndipo likuchiteteza, lisiyeni. Lofiira, lokhakhala, limene limatsalira pansalu mukapukuta, ndilo likudya. Lipakeni mafuta opepuka a makina osokera, lisiyeni masiku awiri kapena atatu, kenaka palani pang'onopang'ono ndi kachidutswa ka nyanga, fupa kapena mkuwa, zimene ndi zofewa kuposa chitsulo. Pukutani, pakaninso mafuta, bwerezani. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo malo amodzi angakutengereni sabata yathunthu. Viniga, asidi wa batire, sandipepa ndi makina onolera zisayandikire. Pamalo opakidwa golide kapena obiriwira ngati mtambo, amene amapezeka pa malupanga a maofesala, musapalepo n'komwe, ingopakani mafuta ndi thonje.

Dzimbiri lofiira likatha, chotsani mafuta ndi nsalu youma, n'kupaka phula lopyapyala. Nyumba zosungiramo zinthu zakale zimagwiritsa ntchito phula lotchedwa Renaissance Wax, limene linakonzedwa ku British Museum m'zaka za m'ma 1950. Mafuta asafike pachikopa, pamtengo kapena pansalu ya chogwirira. Musagwire chitsulo ndi manja osavala, chifukwa thukuta limasiya chidindo cha chala chimene pakapita miyezi chimasanduka dzimbiri. Sungani malupangawo pamalo ouma, kutali ndi khoma limene limachita chinyezi ndiponso kumene ana sangafikeko, ndipo muziwayendera miyezi itatu iliyonse. Pomaliza, tengani kope mulembemo za lupanga lililonse: kutalika kwake, zilembo zonse monga mmene zilili, amene anakupatsani kapena kumene munaligula, ndi chaka. Ngati pachimake pali kapepala kakale komata, ngakhale kong'ambika, kasiyeni pomwepo ndipo mukajambule.